Za tiyi wa ku Barnsley, inde, ndi galu uja

Tiyeni tigwirizane kaye pa mfundo zingapo, chifukwa nkhaniyi mmene yafikira pa gulu lathu la WhatsApp ndi mmene inachitikira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Galuyo sanandilume. Apolisi sanabwere. Ndipo soseji ija sindinabe ayi. Anachita kundipatsa, m'mbale, pamaso pa mboni zinayi, ndipo munthu sungabe chinthu chako chomwe. Ine ndinangoisamutsa basi. Amene mwayamba kundiitana kuti "Bambo a Tiyi" tikamatuluka m'tchalitchi ndakumvani, ndipo mmodzi mwa inu ndalama zanga za chipeleganyu sanandibwezerebe.

Mawu amene mnzanga wa kuntchito uja ananena, pamene timatsiriza shifiti kunyumba yosamalira okalamba, ndiwalemba momwe anatulukira m'kamwa mwake: "Me mam says come round for your tea. Half five." Tamvani bwino. Tea. Sanati chakudya, sanati phwando, sanati ubwere ndi m'mimba mopanda kanthu. Anati amayi ake akundiitanira tiyi, hafu faifi.

Tsono ine munthu wa ku Thyolo, wobadwira pakati pa minda ya tiyi, amene amayi anga anathyola masamba awiri ndi kansonga mpaka msana kupindika, ndikanafunsa mwana wa ku Barnsley, tawuni ya kuno kumpoto kwa England, tanthauzo la tiyi? Kwawoko kulibe ndi mtengo umodzi womwe wa tiyi. Kunali malasha, nawonso anatseka. Wina mwa tiyi amene amamwa dziko linoli ngwathu yemwe, wa ku Mulanje ndi ku Thyolo. Pa nkhani ya tiyi ine ndimadziona katswiri, ndipo mpaka pano sindinasinthe maganizo.

Komanso tiyi wa azungu ndinali nditamuona kale kuntchito: kapu imodzi, mabisiketi awiri opyapyala oti ukawayang'anitsa umaona kuseri, kenako aliyense n'kumati zakoma kwambiri. Ndiye ndinakhala pansi n'kuwerengera. Ndifika hafu faifi, ticheza mpaka cha m'ma 8 koloko, basi yobwerera imachedwa, kunyumba ndikafika 9 koloko itadutsa. Munthu wa nsima, maola onsewo, pa mabisiketi awiri? M'mimba mukanayamba kulira pakati pa eni nyumba, ine n'kuchititsa manyazi dziko lonse la Malawi. Akuluakulu ananena kale kuti kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Choncho ndinachita zimene aliyense woleredwa bwino akanachita. Ndinadyeratu.

Pagulu mwalemba kuti mitanda isanu ndi iwiri. Bodza. Inali inayi, kungoti chipande cha m'nyumba mwathu n'chachikulu. Ndiwo zinali matemba amene mlamu anabwera nawo kuchokera kumudzi, ndi nyemba zadzulo zimene zikanawonongeka. Komanso, poti mlendo sapita chimanjamanja, ndinali nditakazinga mandasi oti tikamwere tiyiyo. Ena anatuluka opindika, ena opserera mbali imodzi, ndipo sindikanapita nawo kwa azungu. Ndinawachotsa pamaso pa anthu m'njira yokhayo imene ndimaidziwa. Pomwe 4 koloko imakwana ndinali munthu wokwanira. Ndinavala jekete ya mlamu, ija ya buluu imene anakwatira nayo, batani lapakati ndinalisiya dala, n'kukakwera basi.

Chitseko chitangotsegulidwa ndinalandiridwa ndi fungo la anyezi ndi nyama. Mukudziwa zimene ndinaganiza? Ndinawamvera chisoni. Ndinati anthuwa aphikiratu chakudya chawo chamadzulo, akudikira kuti mlendo amwe tiyi wake azipita kuti iwo adye. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndimwa mofulumira, ndisawagoneke ndi njala.

Anandilowetsa m'chipinda chodyera. Patebulo mafoloko, mipeni, matambula a madzi. Ketulo sindinaione. Ndinati kaya, mwina kuno bisiketi amadula ndi mpeni, ndaonapo kale munthu akudya nthochi ndi foloko. Panali bambo ake a mnzangayo, amene anagwirapo ntchito mumgodi wa malasha, agogo ake aakazi pa mpando wa matayala, ndi iye mwini akumwetulira osadziwa kuti wandipereka. Kenako amayi anatulukira kukhitchini atanyamula mbale ndi manja awiri, atakulunga ndi nsalu, n'kuiika pamaso panga.

Amene simunaione Yorkshire pudding, ndikufotokozereni. Amasakaniza ufa wa tirigu, mazira ndi mkaka, n'kuthira m'chiwaya cha mafuta otentha kwambiri mu uvuni, chimafufuma m'mbalimu pakati n'kutsala dzenje. Nthawi zambiri zimakhala zing'onozing'ono. Yanga inadzaza mbale yonse. M'dzenjemo munali mbatatesi yoponda, nsawawa, karoti, msuzi wokhuthala uja amati gravy, ndi masoseji atatu onenepa atagona motsatana. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti mwina ndi ya tonse, tizigawana. Amayi anabwerera kukhitchini n'kubwera ndi zina.

"Zanuzo ndawonjezera," anatero akundisisita paphewa. "Mwana wanga akuti mumagwira mashifiti awiri koma sanakuoneniponso mukudya."

Sanandione ndikudya chifukwa masangweji ozizira amene iwo amadya masana ine sindiwerengera kuti n'chakudya, ndimakadya kunyumba. Koma mayi ameneyu anali atakhala mlungu wonse akudandaula za mwana wa ku Africa wanjala, ndipo tsikuli anali atatsimikiza kuthetsa njala ya kontinenti yonse kudzera mwa ine.

Ena mwafunsa kuti bwanji sindinangonena kuti ndadya kale. Inuyo munanenapo zimenezo kwa mayi amene waima pambali panu atagwira m'chiuno, thukuta la kukhitchini lili pamphumi? Kwathu ukakana chakudya amati ukuwayesa afiti. Komanso ndikanafotokoza bwanji? Kuti amayi, ndinadyeratu chifukwa ndimaganiza kuti ndinu oumira? Ndinagwira foloko.

M'mimba mwanga nthawi imeneyo munali minibasi ya Limbe-Thyolo madzulo a Lachisanu. Nsima inali itakhala kale mipando yonse, anayi-anayi, nyemba zili pamiyendo pa matemba, mandasi atakhala pa injini kumbuyo kwa dalaivala. Koma kondakitala wa pakhosipa ali, "Malo alipo, malo alipo, amayi a nsima tasunthani pang'ono." Mbatatesi inalowa chowerama. Nsawawa zinalowera m'mipata. Soseji yoyamba inakhala pa bondo la munthu, yachiwiri inalendewera pakhomo, mwendo umodzi panja, kondakitala ataigwira lamba. Itafika yachitatu, dalaivala mwini anazimitsa injini n'kunena kuti galimoto iyi sinyamuka.

Ndinayamba kuidula tizidutswa m'maganizo, koma ngakhale m'maganizomo sinalowe. Thukuta linali likutsika m'khosi. Amayi anafunsa ngati atsegule windo.

Mwayi unabwera kudzera mwa bambo. Anali atayamba kufotokoza za sitiraka ya anthu a m'migodi ya 1984, imene inatha pafupifupi chaka chathunthu, mmene ankakhalira opanda malipiro, mmene amayi a m'deralo ankaphikira mabanja onse pamodzi. Nkhani yogwira mtima, ndipo ndikanakonda kuimva tsiku lina ndili ndi malo. Analoza chithunzi chili pakhoma, onse anacheuka. Dzanja langa lokha, osandifunsa, linatenga tishu, kukulunga soseji, n'kuilowetsa m'thumba lam'kati la jekete, kumanzere, pamtima penipeni.

Inali yotentha. Palibe amene anandiuzapo kuti soseji imasunga moto chonchija.

Atacheukanso, amayi anaona mbale yanga n'kuomba m'manja. Ati taonani, ndimanena ine kuti mwanayu ali ndi njala. Anapita kukhitchini n'kubwera ndi soseji ina, imene ankasungira bambo kuti adzadye mawa.

Chabwino. Masoseji anali awiri. Pamenepo gulu lanena zoona. Yachiwiriyo inatsatira inzake pamene agogo anatsamwa ndi madzi onse n'kuthamangira kukawasisita kumsana, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinathokoza.

Tinasamukira pabalaza. Ndinakhala pa sofa mowongoka, chifukwa kupinda kunali kosatheka, dzanja lili pachifuwa. Pakona panali dengu, m'dengumo munali chinthu chaubweya chimene ndinkayesa pilo. Chinali galu. Dzina lake Biscuit. Bisiketi yekhayo amene ndinamuona m'nyumba imeneyo usiku wonse anali ameneyo.

Anandiuza kuti galuyo ngokalamba kwambiri, diso limodzi silionanso, miyendo yakumbuyo ili ndi nyamakazi, ndipo masiku ano amachita kumunyamula kupita naye panja. Alendo sawalabadira. Akunena zimenezo, mphuno ya Biscuit inagwedera. Kenako khutu limodzi linaimirira. Kenako galu amene dokotala wa ziweto anali atamutaya kale anadzuka, kudziwongola, kutuluka m'dengu yekha, n'kuyamba ulendo wodutsa pa kapeti.

Anayenda pang'onopang'ono, abale. Ndinali ndi nthawi yokwanira yokumbukira machimo anga onse, kuyambira mango a kwa abusa. Nyumba yonse inakhala chete. Amayi anagwira pakamwa. Bambo anatsitsa wailesi yakanema. Galu anadutsa mwini wake amene amamudyetsa tsiku lililonse, anadutsa agogo amene amagona naye, n'kudzaima pamaso panga. Sanandiyang'ane kumaso. Diso lake limodzi lija linalunjika pachifuwa, kumanzere.

Ndinamwetulira. Ndinayesa kumukankha pang'ono ndi phazi mwaulemu. Anaika mwendo wakutsogolo pabondo langa, kenako winawo, kenako, ndi nyamakazi yake yonseyo, anadzikoka n'kukwera. Mnzanga anatulutsa foni. Galu anakhala pamiyendo panga, pamwamba penipeni pa mitanda inayi ija, n'kutsamira mutu wake pamtima panga, kutseka diso, n'kupuma mpweya wautali.

Agogo anayamba kulira. Misozi yeniyeni. Ati galu amadziwa munthu wamtima wabwino, chiyambire pamene amuna awo anamwalira Biscuit sanachitepo zimenezi kwa munthu aliyense. Amayi nawo maso anali atanyowa. Bambo anatsokomola n'kuyang'ana kudenga. Ndipo ine, ndivomere, kwa kamphindi ndinakhulupirira. Ndinati mwinadi ndine munthu wabwino. Mwina galuyu waona chinachake mwa ine chimene a ku Home Office, oona za ife obwera m'dziko lino, sanachione. Ndinamusisita pamutu ndi dzanja lonjenjemera, gravy akutsika pang'onopang'ono m'nthiti, kamera ikujambula, banja lonse likundiyang'ana ndi chikondi chimene sindinachionepo kwa abale anga enieni. Chithunzi chimenecho chilipo. Muli nacho nonse. Taonaninso nkhope yangayo, ndi ya munthu amene akulandira ulemu wa boma bomba lili m'thumba.

Kenako mphuno inalowa m'jekete.

Ndinawerama n'kumunong'oneza m'Chichewa, poti pamavuto munthu umabwerera ku chilankhulo cha amayi ako. Ndinati, "Achimwene, tikambirane. Panja ndikupatsani onse awiri." Agogo anafunsa kuti ndikumuuza chiyani. Ndinati ndi pemphero. Mutu wonse unali utalowa, kunja kwatsala thupi ndi mchira, mchirawo ukuvina mwa galu wa miyezi isanu ndi umodzi. Ndinapanikiza mkono. Iye anakankha. Tinalimbana mwakachetechete, tonse awiri tikuyesa kusunga ulemu, ine ndikumwetulirabe. Ndipo anayamba kubwerera chambuyo.

Inatuluka pang'onopang'ono. Choyamba tishu, atasanduka wabulauni. Kenako nsonga. Kenako inapitiriza kutuluka, ndipo sindikumvetsa, chifukwa polowa sinali yaitali choncho. Galu anatsika nayo, kuiika bwinobwino pakati pa kapeti yoyera pamene aliyense angaione, kuinunkhiza, n'kundiyang'ana. Sanaidye. Anakweranso kudzatenga inzake.

Chete amene anagwa m'nyumbamo sindingamufotokoze. Misozi ya agogo inali isanaume. Bambo anayang'ana soseji yachiwiriyo nthawi yaitali, chifukwa inali yawo ya mawa ija.

Ndinatsegula pakamwa ndipo munatuluka mawu akuti, "Ndi mwambo wa kwathu." Ndinafotokoza kuti ku Malawi chakudya chikakoma kwambiri sumaliza wekha, umatengerako a kunyumba kuti nawonso alawe dzanja la wophika. Musaseke, si bodza lenileni. Ndani mwa inu sanabwereko ku ukwati ndi nkhuku m'chikwama? Ndinaona ndi maso anga mayi wina wa pagulu pomwepa akulowetsa chambo chathunthu m'handibagi pa chikondwerero cha 6 July. Ine changa chinali chiyani?

Amayi anagwidwa chifundo koopsa. Ati ndikanangonena, m'malo moononga jekete yabwino. Anapita kukhitchini kukandilongedzera zotsala zonse m'makontena, ndipo ali komweko anafuula kufunsa ngati ndili ndi malo a pudding. Ndinayankha mwaulemu kuti pudding ndadya kale, inali yokoma, ija munaikamo masoseji. Onse anaseka. Ati ayi, ijayo ndi Yorkshire pudding, iyi ndi pudding. Kuno chilichonse chotsekemera chodya pomaliza amati pudding, pomwe Yorkshire pudding ndi yamchere, ndipo palinso black pudding imene ndi soseji ya magazi. Inabwera: maapozi ophika ndi kasitadi wotentha, mbale yodzaza. Matumba anali atadziwika kale. Ndinadya.

Cha m'ma 8 koloko, ndikupuma ndi pakamwa, bambo anafunsa kuti, "Fancy a brew?" Ndinaopa kuti tsopano wafika mowa. Inali ketulo. Tiyi weniweni, wa m'kapu, amene ndinavalira jekete, anafika pomaliza, ndipo iye yekha ndi amene sankatchedwa tea. Anamubweretsa ndi mandasi anga aja, n'kundipempha kuti ndiwaonetse mmene timadyera kwathu.

Ndi pa tiyi ameneyo pamene bambo anandifotokozera, ataona kuti ndafunsa mwaulemu kuti kodi zija tadya zija dzina lake n'chiyani. Ati kuno kumpoto kwa England chakudya chamasana ndi dinner, chamadzulo ndi tea, n'chifukwa chake amayi ophikira ana kusukulu masana amatchedwa dinner ladies. Ati lunch ndi za anthu a ku London. Munthu ukatuluka mumgodi kapena m'fakitale cha m'ma 5 kapena 6 koloko umafika kunyumba ndi njala ya tsiku lonse, patebulo pali chakudya chotentha ndi mphika wa tiyi pambali, ndiye zonsezo pamodzi zinangotchedwa tea. Mphika wa tiyiwo m'nyumba zambiri unachoka patebulo, dzina linatsala. Analankhula monyadira, ngati kuti zimenezi n'zomveka.

Usiku umenewo kugona kunakanika. Chagada zinakana, chammbali zinakana, ndiye ndinakhala tsonga pabedi ndi foni, kufufuza mlandu wanga. Ndipo ndikufuna amene mumandiseka mumve zimene ndinapeza, chifukwa mbiri ili mbali yanga.

Liwu loti tea si la Angelezi n'komwe. Linachokera ku China, m'chigawo cha Fujian, kumene anthu a kudoko la Xiamen, limene azungu ankalitcha Amoy, amati te. Amalonda achi Dutch ndi amene analinyamula pa zombo m'zaka za m'ma 1600, iwo n'kumati thee, Afalansa thé, Ajeremani Tee, Angelezi tea, ife tiyi. Madera ena a China amati cha, ndipo limenelo linayenda njira zake: Apwitikizi analitola ku Macau, n'chifukwa chake ukangowoloka pa Muloza kulowa ku Milange umamva chá, pomwe ukakwera kumpoto kudutsa Songwe amati chai. Anthu onsewa, kuchokera ku Xiamen mpaka ku Milange, akatchula liwuli akunena chakumwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene akunena soseji.

Angelezi enieniwo poyamba ankadziwa zimenezi. Mkulu wina wa boma ku London, Samuel Pepys, analemba pa 25 September 1660 kuti anaitanitsa kapu ya tee, chakumwa cha ku China chimene anali asanamwepo. Kapu, chakumwa. Mu 1662 mfumu Charles II inakwatira Catherine wa ku Braganza, mwana wa mfumu ya Portugal, amene ankakonda tiyi, ndipo anthu apamwamba anatengera. Tiyiyo anali wodula kwambiri moti ankamutsekera m'kabokosi ka loko, ndipo ambiri ankamwa wozembetsa, mpaka mu 1784 pamene boma linatsitsa msonkho wake kuchoka pa 119 peresenti kufika pa 12.5. Apo ndi pamene tiyi anayamba kulowa m'nyumba ya aliyense, ndipo apo ndi pamene ndikuona kuti zinthu zinayamba kusokonekera.

Wolakwa woyamba amene amatchulidwa ndi mayi wina wolemera, Anna, Duchess wa ku Bedford. Akuti cha m'ma 1840, poti anthu apamwamba ankadya chamadzulo mochedwa, m'ma 8 koloko, mayiyu ankamva njala dzuwa likapendeka, ndiye anayamba kuitanitsa tiyi ndi buledi ndi timakeke kuchipinda kwake, kenako n'kumaitana anzake. Imeneyo ndiye afternoon tea, ya timasangweji todula makona imene mahotela amagulitsa modula lero. Taonani bwino apa: mayi wachifumu anaona kuti chakudya chili patali, anadyeratu. Iyeyo analowa m'mabuku a mbiri. Ine ndinalowa pa WhatsApp.

Ya bambo aja, ya anthu ogwira ntchito, mabuku amaitcha high tea, ndipo alendo ambiri akamva dzinalo amaganiza kuti ndiye yapamwamba, pomwe ndi ya masoseji ndi mbatatesi. Ndiye kuti si ine ndekha amene ndinagwa m'dzenje limeneli, kungoti enawo analibe matumba. Ndipo dinner amene amakanganirana akumpoto ndi akumwerayo, anachokera ku liwu lakale la Chifalansa lotanthauza kumasula kusala, kunena kwake chakudya choyamba cha tsiku. Chakudya cham'mawa chinasuntha n'kukhala chamasana, kwina n'kufika usiku, chakumwa chinasanduka nyama, koma wosadziwa Chingelezi ndine?

Sizinathere pomwepo. Munthu akapanda kukonda chinthu amati si kapu yake ya tiyi, ngakhale chinthucho chikhale mpira. Tiyi wakuda bii wa mkaka ndi shuga wambiri, amene kwathu timangoti tiyi wabwino, kuno amati ndi wa amisiri omanga nyumba. Ku Kenya wapolisi akapempha chai sakufuna kapu, monga mmene wathu akati ya Fanta safuna botolo. Ndipo mwana wa mlamu, amene anabadwira konkuno, atamva ndikudandaula kuti nkhaniyi yafala bwanji, anandiuza kuti masiku ano tea ndi miseche, ati zinayambira kwa anthu akuda a ku America, ndipo woulula nkhani amati wataya tiyi. Wotaya tiyi wanga ndikumudziwa. Mnzanga uja anaonetsa chithunzi nesi wina wa kwathu pa shifiti ya usiku, ndipo pofika m'mawa azakhali anga a ku Luchenza anali ataimba kufunsa ngati ndi zoona kuti ndikuvutika mpaka kulimbirana chakudya ndi agalu.

Makontena aja tinadya ndi mlamu mpaka pakati pa mlungu, ndipo iye amene amaseka kwambiri ndi amene anamaliza kasitadi. Jekete yake inapita kochapitsa kawiri, akuti banga lachoka koma agalu a mumsewu wathu akumuperekezabe mpaka pa siteji ya basi. Biscuit ndamva kuti wayambiranso kuyenda yekha, ndipo agogo akuuza aliyense kuti ndinamupempherera.

Andiitananso Lamlungu likubwerali. Ati dinner. Ndafunsa nthawi, mnzanga wati "one-ish", ndipo ish ameneyo pa wotchi yanga palibe. Sindikudziwa ngati ndidyeko kaphala m'mawa kapena ndipite choncho. Mlamu wabisa ufa.